Satifiketi yanga ndinailandira m'foni, fotokope osafunikanso

Nditamaliza maphunziro a pa intaneti ndinkadikira PDF. M'malo mwake sukulu inanditumizira QR code, n'kundiuza kuti ndiyambe ndaika pulogalamu ya wallet, yosungiramo ziphaso ndi masatifiketi, m'foni.

Nditangoitsegula, pulogalamuyo inapanga makiyi awiri. Wina ndi wachinsinsi ndipo satuluka m'foni, winayo ndi woonekera, woti aliyense atsimikizire naye siginecha yanga ya pakompyuta. Kenako inandipatsa DID, chizindikiro chondizindikirira pa intaneti, chomwe ndi kamzere ka zilembo ndi manambala koyamba ndi "did:". Palibe ofesi imene inandilembera nambala imeneyi, ndipo bungwe lokonza miyezo ya pa intaneti la W3C, lomwe linavomereza dongosolo la DID mu 2022, linafuna kuti zizikhala choncho.

Pomwe ndinachedwa ndi pa mawu 12 obwezeretsera wallet foni ikatayika. Ndinawalemba mothamanga papepala, pulogalamu itandifunsa liwu lachisanu ndi chiwiri ndinalakwa. Kuyang'anitsitsa, ndinali nditasinthanitsa mawu awiri. Mtima unagunda, chifukwa pa wallet yamtunduwu kulibe munthu woti n'kumuimbira kuti ndaiwala pasiwedi. Ndinalembanso modekha, liwu lililonse ndi nambala yake.

Kujambula QR code sikunatenge nthawi. Satifiketi inalowa ili ndi siginecha ya sukulu.

Ubwino wake ndinauona pofunsira ntchito. Foni inandionetsa zomwe olemba ntchitowo akupempha, ine n'kuloleza dzina, maphunziro ndi chaka chokha. Tsiku lobadwa ndinalisiya. Kompyuta yawo inayerekeza siginecha ija ndi kiyi woonekera wa sukulu, n'kuonanso kuti satifiketiyo sinathetsedwe. Sanaimbire foni aliyense.

Apa m'pamene ndinaganiza za mayi wokhala pamzere kuchipatala kapena polandira thandizo la boma, envulopu ya mapepala ili m'manja. Dziko la Bhutan linayamba kupereka chiphaso chaunzika cha mu wallet ya m'foni kwa nzika zake mu 2023, ndipo mayiko a European Union akuyenera kukhala ndi wallet zawo pofika kumapeto kwa 2026. Koma chimandiwawa n'chakuti, malinga ndi World Bank, anthu pafupifupi 850 miliyoni analibe chiphaso chilichonse mu 2021. Wallet imangosunga chimene wina wasainira. Amene sanalembetsedwe pobadwa alibe choikamo, ndipo ambiri mwa iwo ngakhale foni yoti n'kuikamo pulogalamuyo alibe.

Pepala la mawu 12 lija ndinalikulunga mupulasitiki, n'kuliika pamodzi ndi chikalata changa chobadwira.