PwnKit yanditsegula maso pa nkhani ya privilege escalation

Tsopano mtima wakhala pansi. Nkhani ya privilege escalation, yomwe ndi user wamba kudzipezera mphamvu zomwe sanapatsidwe pa kompyuta, yakhala ikundizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Mayina ndinkawadziwa, Dirty COW, PrintNightmare, Dirty Pipe, koma m'mutu mwanga anali mulu chabe wa ma CVE (mavuto a chitetezo olembedwa m'kaundula) osagwirizana, aliyense ndi nambala yake yoti ndiloweze. Chomwe chandimasula ndi PwnKit, CVE-2021-4034, yomwe a kampani ya chitetezo ya Qualys anaulula mu Januwale 2022.

SUID ndi chizindikiro chomwe chimachititsa pulogalamu kuyenda ndi mphamvu za mwini fayiloyo, osati za woiyitana. Pulogalamu ya pkexec ya pa Linux, momwe munali vuto la PwnKit, ili ndi SUID, ndiye imayamba ntchito ili ndi mphamvu za root, mwini mphamvu zonse pa makina, ngakhale woiyitana ali user wamba. Ukaiyitana popanda argument (mawu omwe umapatsa pulogalamu poiyitana) ndi imodzi yomwe, argc yomwe imawerenga kuchuluka kwake ili 0, iyo imangowerengabe argv[1], malo achiwiri pa mndandanda wa ma argument, ngati kuti ilipo. Pamalo amenewo mu memory ndi pomwe pamayambira ma environment variable, ndipo amenewo anaika ndi woiyitana yemweyo. Imawerenga pamenepo, kenako n'kulembanso pomwepo. Mwanjira imeneyi munthu amabwezeretsa variable yoopsa ngati GCONV_PATH, yomwe makina anali atachotsa kale, ndipo pkexec imatenga library ya wachiwembuyo n'kuiyendetsa ngati root. Vutoli linagona mmenemo kuyambira 2009.

Apa ndi pomwe ndinaima. Wachiwembu uja sanathyole chitseko chilichonse. Anangotuma mlonda amene ali ndi makiyi, mlondayo n'kukatsegula yekha. User wamba sangadzipatse mphamvu, koma pa makina aliwonse pali zinthu zamphamvu zomwe ntchito yake ndi kumvera user wamba, ndipo nkhani yonse yagona pa zimenezo.

Nditabwerera ku mulu uja ndi maso amenewa, zonse zinayamba kufanana. CVE-2021-3156 ya sudo, nayo ndi pulogalamu ya root yomwe imalandira mawu ochokera kwa aliyense, ndipo backslash imodzi kumapeto kwa argument inkasefukiritsa heap, gawo lina la memory. Print Spooler ya Windows imayenda ngati SYSTEM, yemwe ali ngati root wa pa Windows, ndipo imaika ma driver a printa ikapemphedwa, ndiye mu 2021 anthu anangoipempha kuti iike DLL (library ya pa Windows) yawo. CLFS ndi driver ya mu kernel (mtima wa operating system) ya Windows yomwe imawerenga mafayilo a log amene user wamba atha kupanga yekha. Gulu la ransomware ya Nokoyawa linagwiritsa ntchito CVE-2023-28252 Microsoft isanatulutse patch yokonza vutolo mu Epulo 2023, ndipo mu Epulo 2025 CLFS yomweyo inabweranso ndi CVE-2025-29824. Dirty Pipe nayonso, kernel ya Linux ndi imene imakulembera mu page cache (kope la mu memory) ya fayilo yomwe iwe unaloledwa kungowerenga. Wotumidwa amasintha, koma kutuma kwake n'komweko.

Ndiye funso langa pa makina aliwonse tsopano ndi limodzi: ndani pano ali ndi mphamvu yemwe user wamba angamutume? Pa Linux ndimayamba ndi find / -perm -4000 -type f, lamulo loonetsa mafayilo onse a SUID, n'kuyang'ana mzere uliwonse womwe watuluka. Server yopanda desktop ikufuniranji pkexec? Patch isanafike pa makina ena, anthu ankangopanga chmod 0755 /usr/bin/pkexec, SUID n'kuchoka, PwnKit n'kutha mphamvu. Domain controller (server yoyang'anira ma account pa network ya Windows) yomwe sidzasindikiza pepala ndi limodzi lomwe ikuyendetseranji Print Spooler? Zimitsani. Kwa ine njira imeneyi ikuposa scanner iliyonse yodula, chifukwa chomwe wachotsa sichingadzakuvutitse ndi CVE ya chaka chamawa yomwe palibe akuidziwa lero. Mwina ndikuikweza mopitirira, koma pakadali pano palibe angandichotsepo.

Chomwe chimandiwawa ndi mmene amatiphunzitsira. Aphunzitsi athu amatisanjira zonse ndi CVSS, muyeso wa kuopsa kwa vuto kuyambira 0 mpaka 10: yambani ndi za 9.8, zinazo muziona pambuyo. Koma PwnKit ili pa 7.8, Dirty Pipe 7.8, za CLFS zija 7.8, chifukwa wachiwembu ayenera kukhala atalowa kale. Ngati kuti kulowa ndi chinthu chovuta! Imelo imodzi yabodza, kapena plugin yakale pa web server, munthu ali kale mkati ngati user wamba, monga www-data wa web server. Kuchoka pamenepo kufika pa root ndi pomwe amazimitsa antivirus, kutenga ma password a ena ndi kutseka mafayilo onse. Mndandanda wa KEV womwe a CISA, bungwe la boma la America loona za chitetezo cha makompyuta, anayamba mu Novembala 2021 suyang'ana nambalayo, umayang'ana ngati achiwembu akugwiritsadi ntchito vutolo, ndipo PwnKit inalowamo mu Juni 2022. M'kalasi mndandandawu unangotchulidwa podutsa, lab n'kuthera pa kuwerengera ma score. Nthawi yoti munthu atsegule code ya pkexec n'kuiwerenga modekha, imeneyo uzipezera wekha usiku.

Za patch aliyense amazinena, ndiye ndingowonjezera chimodzi. Kuika kernel yatsopano popanda reboot ndi kudzinamiza, lamulo la uname -r likuwonetsabe yakale ndipo yakaleyo ndi imene ikuyenda.

Pomwe njira yanga ikugwedezeka ndi pa kernel penipeni. Sudo ungaichepetse, Spooler ungaizimitse, koma kernel ndi wotumidwa amene sungamuchotse ntchito. Taonani CVE-2024-1086 ya nf_tables, gawo la firewall mu kernel ya Linux, yomwe inalowa mu KEV mu Meyi 2024. User wamba amafikira code imeneyo kudzera mu unprivileged user namespaces (malo apadera momwe user wamba amaoneka ngati root), ndiye ukatseka zimenezo watseka njira. Koma ma container opanda root amadalira zomwezo, ndipo ma sandbox a mapulogalamu ena amazigwiritsanso ntchito. Watseka khomo limodzi pogwetsa chitetezo china. Pa server yomwe ili ndi ntchito imodzi ndingatseke osaganiza kawiri. Pa makina a ma developer, apo ndiye ndikadali pakati. Ndipo pa Windows, masiku omwe vuto la CLFS likugwiritsidwa ntchito koma Lachiwiri lomwe Microsoft imatulutsa ma patch a mwezi lisanafike, chomwe ndikuona ndi kungoyang'anira process yomwe yasanduka SYSTEM mwadzidzidzi, zomwe kwa ine zikumveka ngati kuona moto utayaka kale. Kaya ndiye malire ake amenewo, kaya pali china chomwe sindinachigwire.