Kugona m'nkhalango ya Nkhotakota: mnzanu akavulala kutali ndi chipatala

Mukasiya msewu wa M5 n'kulowera kumadzulo, m'nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, netiweki ya foni imayamba kuduladula, ndipo m'malo ambiri imasoweratu. Nkhalangoyi ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800 a mitengo ya miombo, ndipo mtsinje wa Bua umaidutsa pakati. Bungwe la African Parks lidayamba kuisamalira mu 2015, kenako mu 2016 ndi 2017 mudabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. N'chifukwa chake simuyenera kuyendamo wapansi popanda mlonda wa nkhalango. Iye amadziwa njira yachidule yotulukira, ndipo amatha kuitana thandizo pomwe foni yanu yangoti zii.

Musanakhome tenti, gwirizanani kuti wina akavulala adzayendetse galimoto ndani, makiyi agone pati, ndipo mafuta akhale okwanira kukafika kuchipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's. Nyengo ya mvula misewu ya fumbi imaterera, ulendo umatalika.

M'chikwama cha mankhwala musasowe magolovesi, mabandeji, thonje, pulasitala, sizasi, Panado, mapaketi a Thanzi ORS, WaterGuard, tochi ndi zitenje ziwiri. Chitenje chimakoleka mkono wothyoka. Mukachikulunga pa mitengo iwiri yolimba mwapanga machira.

Njoka ndiyo imasokoneza anthu mitu. Mphiri sithawa ikamva mapazi, imangogona phee m'masamba ouma, ndipo woiponda nthawi zambiri ndi wotola nkhuni madzulo atavala mapatapata. Munthu akalumidwa, muchotseni pamalopo, mugoneke, mumuvule mphete, wotchi ndi nsapato kutupa kusanayambe. Mwendo muumangirire ku mtengo wowongoka ngati wothyoka, kuti asamaupinde. Musateme mphini, musayamwe bala, musamange lamba kapena luzi pamwamba pa balalo. Ululu wa mphiri umawononga mnofu. Mukatsekereza magazi, ululuwo umaunjikana pamodzi ndipo munthu atha kudulidwa mwendo womwe ukadapulumuka. Lembani mzere ndi bolopeni pomwe kutupa kwalekezera, pambali pake nthawi, n'kubwerezanso pakatha theka la ola. Adokotala akauona mzerewo amadziwa liwiro la ululu. Wolumidwayo asayende yekha, munyamuleni. Zikope zikayamba kugwa, malovu kuchucha, mawu kulemera, ndiye kuti mwina ndi mamba, ndipo kupuma kungaime: muziyang'anitsitsa chifuwa chake njira yonse. Lunjikani chipatala chachikulu, chifukwa mankhwala othana ndi ululu wa njoka sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri. Nthawi yothamangitsana ndi njokayo palibe.

Njoka ina imalavulira m'maso. Pamenepo tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osatikita.

Bala la chikwanje lotuluka magazi kwambiri, kanikizani ndi nsalu yoyera mphindi 10 osasuzumira. Nsalu ikanyowa onjezani ina pamwamba. Mukaichotsa mumatumbula magazi omwe amayamba kuundana. Wopsa ndi moto kapena phala, thirani madzi ozizira mphindi 20. Colgate, dzira ndi mafuta ophikira zimangolowetsa tizilombo. Madziwo mutunge ndi ndowa mwachangu, osaimirira m'mphepete mwa Bua, muli ng'ona.

Kutsegula m'mimba kumafoola msanga kukatentha mu October. Thanzi ikatha, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, wodwalayo azimwa pang'onopang'ono. Akamasanza chilichonse kapena wasiya kukodza, pasulani tenti dzuwa lisanalowe.

Choopsa chomwe alendo ambiri sachidziwa ndi kashembe. Ntchentche imeneyi imakonda zovala zakuda ndi zabuluu, imaboola ngakhale malaya opyapyala, ndipo imatsatira galimoto ikamayenda, choncho mawindo azikhala otseka. Si kashembe aliyense ali ndi tizilombo, koma Nkhotakota ndi limodzi mwa madera omwe matenda a kaodzera amapezeka. Zizindikiro zimabwera patatha sabata imodzi mpaka zitatu, munthu atabwerera kale kwawo: thupi kutentha, mutu kuwawa, nthawi zina chotupa chofiira chopweteka pomwe adalumidwa. Zimafanana ndi malungo, moti ena amamwa LA n'kumadikira kuchira, matenda akulowerera mpaka ku ubongo. Kaodzera wa kuno amathamanga, amapha pa miyezi yochepa, chikhalirecho amachizika akapezeka msanga. Thupi likatentha mutachokera kunkhalangoko, yezetsani malungo tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala momveka kuti mudagona m'nkhalango ya Nkhotakota ndipo mudalumidwa ndi kashembe, kuti akuyezeninso magazi a kaodzera.