Kandulo za Haydn

Lachitatu, usiku.

Magetsi anazima cha m'ma 6 koloko, nsima ili pamoto, ndiye tinamalizira pa mbaula. Titadya, mphwanga uja, mwana wa mlongo wanga wa sitandade 7, anakhala pamphasa ndi kope lake pafupi ndi kandulo. Ine ndinatsegula pafoni nyimbo imene ndinatsitsa masana kuntchito: symphony (nyimbo yaitali yoimbidwa ndi gulu la zida) nambala 45 ya Joseph Haydn, ija amaitcha Farewell, kutanthauza kutsanzika.

"Malume, nanga ayamba liti kuimba mawu?"

Ndinamuuza kuti mawu mulibemo, koma nkhani ilimo, angodikira kumapeto.

Haydn anailemba mu 1772. Anali mkulu wa oimba a Kalonga Nikolaus Esterházy, ndipo chaka chimenecho kalongayo anakhalitsa ku nyumba yake yachifumu ya Eszterháza ku Hungary. Oimba ambiri anali atasiya akazi awo ku Eisenstadt, mtima uli kwawo. Koma ndani akanapita kwa bwana wamkulu chotero n'kunena kuti tatopa? Haydn anasankha kudandaula ndi nyimbo.

Gawo loyamba limayamba mwaukali, mavayolini akutsetsereka ngati munthu wotsika phiri mothamanga. Anailemba mu F sharp minor, kiyi imene anthu a nthawi imeneyo sankakonda kulembamo symphony. Ine amene ndimaimba kiyibodi ya kwaya ndikudziwa mmene zala zimavutikira mmenemo. Magawo awiri apakati ndinawamvera ndikutsuka mbale.

Pagawo lomaliza ndi pamene ndinamuitana mwana uja kuti asiye kope. Nyimbo ikuthamanga bwinobwino, kenaka imaima, n'kuyambanso pang'onopang'ono, mofatsa. Woimba chitoliro cha oboe mmodzi ndi wa lipenga mmodzi amamaliza mbali yawo, amazimitsa kandulo zawo, amatuluka. Wa bassoon, chitoliro chachikulu cha mawu apansi, amatsatira. Mawu aakulu apansi aja, a double bass, nawonso amachoka, ndipo nyimbo imapepuka ngati denga lasasuka. Mmodzimmodzi mpaka kutsala mavayolini awiri okha, ongonong'ona. Amati anatsalawo anali Haydn mwiniwake ndi Luigi Tomasini, mtsogoleri wa oimba vayolini, ndipo kalonga anamva uthengawo: m'mawa mwake ulendo wobwerera unayambika.

Mphwanga anawerenga ndi zala zida zimene zikusowa. Vayolini yomaliza itasiya, tinakhala chete, kunja kukumveka achule okha. Ndinamva misozi ikubwera. Chimene chimandikhudza n'chakuti palibe amene anakuwa kapena kunyoza. Munthu anamvera anzake chisoni, n'kuwalankhulira mwaulemu ndi luso lomwe anali nalo.

"Malume, nanga inu kwa azakhali mupita liti?"

Sindinamuyankhe msanga. Mayi a kunyumba ndi ana ali ku Ntcheu, ndipo chiwaonereni ndi pa Isitala. Foni inali itatsala 9 peresenti, koma ndinawaimbirabe. Kalata yopempha tchuthi ndailemba pompano pa kandulo yomweyi, mawa m'mawa ndikawapatsa abwana.