Mpikisano wa laser ndi akalilole: konzani papepala musanayatse

Ana athu a ku Mbare, Mufakose ndi Mabvuku mu mzinda wa Harare akamakonzekera mpikisano wa kuwala, ambiri amathera nthawi yonse akuyatsa laser n'kumasunthasuntha kalilole mpaka kadontho kofiira kagwere pachandamale. Kuyeserera kotereku sikuwathandiza. M'mipikisano yambiri ya mtunduwu laser imakhala yozimitsa pamene ophunzira akuika akalilole, ndipo woweruza amaiyatsa iwo atachotsapo manja. Choncho mwana azolowere kudziwa kumene kuwala kukafike asanakuone.

Zipangizo zake si zodula. Pezani akalilole anayi kapena asanu a masentimita 5 mbali zonse, ndipo odula magalasi angakudulireni pa zotsala. Pakhalenso timatabwa toikapo akalilolewo, pepala la A3, rula ya masentimita 30, protractor, set square, pensulo yosongoka ndi selotepi. Laser ikhale yofiira ya Class 2, yomwe mphamvu yake sipitirira 1 mW. Zobiriwira zogulitsidwa m'misewu zisiyeni, chifukwa zambiri zimakhala zamphamvu kuposa zimene zalembedwapo ndipo zingawononge diso. Poyeserera aliyense aimirire, pasapezeke woika maso pafupi ndi tebulo, ndipo mawotchi ndi mphete avule.

Lamulo lake ndi limene ana ali nalo kale m'makope a physics: ngodya imene kuwala kwafikira pakalilole ndi yofanana ndi imene kwachokera, ndipo zonse zimayezedwa kuchokera pa mzere woima chilili pa nkhope ya kalilole pamalo pamene kuwalako kwagunda. Chimene ana amaiwala ndi chakuti kalilole akapotoka digiri imodzi, kuwala kumapotoka madigiri awiri. Madigiri awiri pa mtunda wa mita imodzi ndi masentimita 3.5. Pa kalilole wotsatira wa masentimita 5, amene kuchokera pakati kufika m'mphepete ndi 2.5 basi, ndiye kuti mwamuphonya kale. Kalilole woyamba ndiye wofunika kumuthera nthawi, poti kulakwika kwake kumayenda ulendo wonse wotsala. Womaliza muikeni pafupi ndi chandamale ngati malamulo alola.

Protractor ya m'kabokosi ka masamu ndi yaing'ono, ndipo nsonga ya pensulo yokha ikhoza kudya theka la digiri. Njira yabwino ndi ya rula. Lembani mzere wa kuwala kuchokera pa laser kufika pamalo a kalilole, ndi wina kuchokera pomwepo kupita kumene mukufuna kuwalako kulowere. Kuchokera pamene mizereyo yakumana, yezani masentimita 10 pa mzere uliwonse, muike kadontho. Lumikizani timadontho tiwirito. Kalilole ayenera kudutsa pa mkumano uja atalingana ndi mzere wachitatuwu, osayandikira mbali imodzi. Kutero mwaika ngodya yolondola popanda kuwerenga digiri ngakhale imodzi. Pepala likalola, yezani masentimita 15 m'malo mwa 10, kulakwika kumachepa.

Pali vuto lina limene limazunguza ngakhale aphunzitsi. Kalilole wamba amabweza kuwala ndi utoto wasiliva wa kumbuyo kwa galasi, osati nkhope yake. Kuwala kumalowa m'galasi, kupindika, kugunda kumbuyo n'kutulukira pena. Pa galasi la mamilimita 3, kuwala kukafika pa madigiri 45 kumatuluka kutasuntha pafupifupi mamilimita 2, ndipo pakhoma mumaona timadontho tiwiri, kowala kwambiri ndi kena kozilala kochokera pankhope ya galasi. Tsatani kowala. Musaike nkhope ya galasi pa mzere wa pensulo. Mzerewo udutse mkati mwa galasi, pafupifupi mamilimita 2 kuchokera kumaso. Funsani msanga okonza mpikisano ngati akalilole awo ndi wamba kapena ndi aja opakidwa kumaso, chifukwa amenewo alibe vutoli ndipo nkhope yawo imakhala pa mzere penipeni.

Kalilole wopendekera kutsogolo kapena kumbuyo ndiye amagwetsa magulu ambiri, chifukwa papepala zonse zimaoneka bwino koma kuwala kumadumpha pamwamba pa kalilole wachitatu kapena kukwawa patebulo. Mamatizani kalilole aliyense pa kathabwa kokhala bwino pansi, mumuyeze ndi set square guluu asanaume. Prestik musaikhulupirire, imafewa kukatentha mu Okutobala, kalilole n'kumagwada pang'onopang'ono inu osaona. Laser nayo ikhale yomangidwa, yogona molingana ndi tebulo: yezani kutalika kwa kadontho pa masentimita 10 ndiponso pa mita imodzi, kukhale chimodzimodzi. Batani lake lipanidwe ndi pegi ya zovala, chifukwa chala chimaigwedeza.

Poyeserera gawanani ntchito, mmodzi alembe mizere, mnzake aike akalilole ndi kuwayeza, wotchi ikuyenda monga tsiku la mpikisano. Yambani ndi kalilole mmodzi, muwonjezere wina pokhapokha kadontho kakamagwera mkati mwa sentimita imodzi. Laser iyatsidwe kamodzi kokha pamapeto, kenako lembani m'kope kuti mwaphonya mamilimita angati ndiponso kumanja kapena kumanzere. Mukaona kuti nthawi zonse mukuphonyera mbali imodzi, yang'anani makulidwe a galasi kapena ngati laser yakhaladi pa mzere wake. Kuphonya kwa uku ndi uku kumachokera ku pensulo yobuntha, kapena pepala losamata bwino patebulo.