Zilembo 12 zimene zinandivula ulemu ku Cheshire

Popeza a pa gulu lathu la WhatsApp ayamba kale kunditchula kuti "a Cholomondeleyi", bola ndifotokoze ndekha nkhaniyi asanaithire mchere wambiri.

Tsiku lija tinapita kukaona minda ya maluwa ku Cholmondeley Castle, ndinadziika ndekha kukhala mneneri wa gulu, poti ndine ndakhalitsa kuno ku Mangalande. Pa geti panali agogo ena achizungu ogulitsa matikiti. Ndinakonza kukhosi n'kulitchula dzinalo mmene lalembedwera: Cho-lo-mo-nde-le-yi, ngati kondakitala woitanira minibasi ya ku Thyolo. Agogo aja anangondiyang'ana. Ine poganiza kuti makutu anakalamba, ndinabwereza mokweza, uku ndikumenya kauntala ndi chala pa chidutswa chilichonse. Kachitatu ndiye ndinachita kuliimba, "leyi" wa kumapetoyo ndinamukoka ngati tikutseka nyimbo ya kwaya. Mbalame zinasiya kulira. Kamwana kena kanaiwala ayisikilimu mpaka anayenderera m'chigongono. Mlamu wanga anayamba kuwerenga chikwangwani cha malo oimika galimoto ngati sitinabwere limodzi.

Agogo, motsitsa mawu: "Chumley."

Chamuli basi! Zilembo 12, zogwira ntchito zochepa, zinazo zikungolandira malipiro.

Usiku ndinakafufuza kuti mwina ndipeze pogwira. Dzinali ndi la banja, ndipo banjalo linalitenga ku mudzi womwewo. M'Chingelezi chakale limatanthauza malo olambulidwa m'nkhalango a munthu wina dzina lake Ceolmund, ndipo mudziwo unalembedwa kale m'kaundula wa Domesday mu 1086. Ndiye kuti akhala akulitafuna dzinali zaka zoposa 900 mpaka latsala fupa lokha, koma polemba nyama yonse amaibwezerapo. Wolakwa ndine pamenepo? Ife ku sukulu anatiphunzitsa kuti chilembo chilichonse chimadya nawo. Ngakhale Blantyre tinachita kumuwonjezera mpaka Bulantaya, sitinamuchotsere kanthu.

Ndinapezanso kuti mkulu wa banjalo, amene udindo wake wa Marquess unayamba mu 1815, kale ankayenda chafutambuyo patsogolo pa mfumukazi potsegulira nyumba ya malamulo. Anthu oyenda chafutambuyo ndiye mukuti dzina alitchule molunjika?

Izi ndinazilemba pa gulu paja. Palibe anayankha, kupatula mlamu amene anatumiza mawu anga ojambula, kuimba konse kuja. Maluwawo anali okongola ndithu, kungoti kunagwa kamvula.