Tsiku lomwe chala changa chakumanzere chinaferedwa

Mpaka pano pali anthu oti ukawauza kuti gemu ya pakompyuta itha kukhala ntchito yaluso ngati chojambula kapena nyimbo amangokuyang'ana ngati mutu wako sukuyenda bwino. Ndipo si anthu wamba okha ayi. Roger Ebert, katswiri wounika mafilimu wa ku America uja, analemba mu 2010 kuti magemu sangakhale luso, ndipo mfundo yake imodzi inali yoti gemu ili ndi malamulo ndi mapointi, munthu umatha kuwina. Ambiri pomutsutsa amathamangira kunena kuti MoMA, nyumba yotchuka yosungira ntchito zaluso ya ku New York, inatenga magemu 14 mu 2012, kuphatikizapo Pac-Man ndi Tetris. Nzoona, koma ineyo si zimenezo zinandigwira mtima.

Inandigwira ndi Brothers: A Tale of Two Sons, gemu ya 2013 yomwe anatsogolera Josef Fares. Ngati simunasewere pepani ndithu, ndiulula mathero ake.

Anyamata awiri apachibale anyamuka kukasaka mankhwala a bambo awo omwe akudwala mwakayakaya, ndiye iwe ukuyendetsa onse awiri nthawi imodzi, wamkulu ndi dzanja lamanzere wamng'ono ndi lamanja, poyamba zimavuta zedi mmodzi akupita uku wina wakakamira pakhoma, koma pang'onopang'ono manja amazolowera mpaka osaganizanso. Wamng'onoyo amaopa madzi poti mayi awo anamira iye akuona, choncho mukafika pamtsinje amakakamira kumsana kwa mkulu wake kuti awoloke. Zomwe amayankhula sizimveka, ndi chiyankhulo chongopeka, ndipo palibe mawu olembedwa pasikirini okumasulira.

Chakumapeto wamkulu uja amamwalira. Umamukoka wekha kupita naye kudzenje, nkumukwirira wekha. Kuchokera pamenepo dzanja lamanzere lilibenso ntchito. Ine ndinkangopeza chala changa chikukankhabe mwachizolowezi kamtengo koyendetsera wamkuluyo pa kontrola, chipangizo chomwe umagwira posewera, pasikirini palibe chikuyenda.

Kenako mwana uja amafika pamadzi ali yekha. Ndinadina batani lake, akukana, ndinadinanso kangapo, amangobwerera m'mbuyo. Ndinakhala phee kwakanthawi ndithu kenako china chake chinangondiuza kuti tayesa batani la mkulu wake. Nditalidina kontrola inanjenjemera m'manja, mwana uja nkuyamba kusambira. Misozi inangobwera yokha.

Apa mpamene ndimasiyana ndi Ebert. Malamulo omwe iye ankawaona ngati cholepheretsa ndi omwewo anandiliza. Filimu ikanandionetsa mwana akukumbukira mkulu wake, buku likanandifotokozera bwinobwino, koma apa kukumbukirako kunali m'dzanja langa, ndipo ndikanapanda kulizindikira batani lija nkhani ikanaima pomwepo. Winawake anakhala pansi nkuganiza kuti andizoloweze chinthu kwa maola angapo, andilande, kenako andibwezere pa nthawi yoyenera. Kodi wolemba nyimbo amachita chosiyana nchiyani akabweretsanso kachigawo komwe unakamva koyambirira?

Sindikunena kuti gemu iliyonse ili choncho. Ena mwa magemu a pafoni aja anapangidwira kukudyera ndalama basi, mphindi iliyonse gula ichi gula icho, ndipo amandikwiyitsa chifukwa ndi omwe anthu amayamba kuwaona nkuweruzira ena onse. Mnzanga wina amakanabe mpaka lero, akuti zoseweretsa ndi zoseweretsa basi. Ndinasiya kulimbana naye ndi pakamwa, ndamuuza kuti akadzabwera ndidzangomupatsa kontrola, ine ndidzakhala pambali osamuuza batani loti adine akafika pamadzi paja.