Ana oleredwa ndi ena m'mabuku a ana

Mu nthano zathu zambiri mwana wamasiye amangokhala wozunzika basi, mayi omupeza kumumana nsima, kumutuma kumtsinje usiku, mpaka mbalame ndi imene imamumvera chisoni. Ine zimenezi zimandibowa pena, chifukwa makomo ambiri kuno ali ndi mwana wa malemu achemwali kapena wa amalume amene akukula bwinobwino, sukulu akupita, koma m'nkhanimu saonekamo.

Buku lomwe limandisangalatsa ndi Anne of Green Gables la L. M. Montgomery wa ku Canada, linatuluka mu 1908. Matthew ndi mlongo wake Marilla, onse achikulire osakhala pabanja, anaitanitsa mnyamata kunyumba ya ana amasiye kuti azithandiza pa famu yawo ku Prince Edward Island, ndiye kunabwera kamtsikana ka zaka 11, tsitsi lofiira, kolongolola ngati wailesi. Marilla poyamba amafuna akakabweze ndithu! Chomwe ndimakonda mpoti palibe mngelo mmenemo, mayiyo ndi wovuta, chikondi amabisa, naye mwanayo mtima wapachala, mpaka anaswera mnzake sileti pamutu mkalasi atamuseka tsitsi.

Kungoti mabuku akalewa amakonda kupha makolo onse awiri kuti nkhani iphweke. Nanga mwana amene akuleredwa ndi azakhali pomwe bambo ake ali moyo ku Joni, foni saimba, ndalama satumiza? Ameneyo ndiye ndikufuna ndimuwerenge m'Chichewa, ndi mafunso ake ovutawo oti kwathu kwenikweni nkuti, ndipo ndiziti amayi kwa ndani.